Kuika matailosi a labala oletsa static, kuyambira pa simenti mpaka pa waya wa earth

Anzanga a ntchito za pansi, ntchito ya matailosi a labala oletsa static aja amati ESD (static ndi magetsi osonkhana m'thupi munthu akamayenda) imabwerabwera muno mu Lusaka, nthawi zambiri ndi ma server room a m'mabanki ndi m'maofesi, malabu, tizipinda tokonzeramo mafoni ndi malaputopu, penanso ma control room akumafakitale. Vuto ndi loti ambiri akaiona amangoti aa si matailosi basi, timata ngati vinyl tsiku limodzi tatha, ndiye pamapeto ainjiniya amabwera ndi kachipangizo kawo kudzayeza, manambala akukana, ndalama yotsala aigwira mpaka mukonze, ndipo kukonza kwake ndi kuzula zonse. Ndiye tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono kuyambira pa simenti.

Muyambe mwamvetsa chimene pansipa pakuyenera kuchita. Munthu akamayenda nsapato imagunda pansi nkuchoka, kugunda nkuchoka, thupi limanka lisonkhanitsa magetsi, makamaka mpweya ukauma ngati mmene kumakhalira kuno kuyambira June mpaka mvula itagwa. Ngati munagwirapo chitseko cha galimoto mu August nkumva kuti thwa pachala, ndi zomwezo. Kuti munthu amve kashoko kameneko magetsi amakhala afika cha m'ma volts 3000, pomwe tizipangizo tina ta mkati mwa kompyuta timafa ndi ma volts osafika ndi 100 omwe, ndiye technician atha kupha board iye osamva kalikonse. Ntchito yathu ndi kuwapatsa magetsiwo njira yotsikira, achoke m'thupi alowe mu nsapato, mu tailosi, mu guluu, mu tepi ya kopa, mpaka akafike mu waya wa earth wa nyumbayo, umene umapititsa magetsi m'nthaka. Zili ngati paipi ya madzi, ikangotsekeka pamalo amodzi kumpopi sikutuluka kanthu olo mapaipi ena onse akhale atsopano. Ndiye guluu wa contact uja timagula ku Kamwala apa muiwale, amamata bwino inde koma magetsi sadutsamo.

Musanatchule mtengo pemphani pepala la ainjiniya muone akufuna mtundu uti, chifukwa ilipo iwiri. Kusiyana kwake kuli pa ma ohms, muyeso wa mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa. Pali conductive, amene amayezedwa pakati pa ma ohms 25,000 ndi 1 miliyoni, ndiye pali dissipative, kuyambira 1 miliyoni mpaka 1 biliyoni. Papepalapo mupeza atchula malamulo a ntchitoyi, ANSI/ESD S20.20 ya ku America kapena IEC 61340-5-1, zonse ziwiri zimafuna pansi pasafike 1 biliyoni ohms ndipo munthu woyendapo asasonkhanitse magetsi ofika ma volts 100. Malire am'munsi a 25,000 ajanso ali ndi chifukwa chake, pansi pakamadutsa magetsi mophweka kwambiri munthu amene wagwira waya wamoyo amakhala pangozi, ndiye musamangoti bola nambala yatsika. Matailosi, guluu ndi kopa itanitsani kwa wopanga mmodzi, mukasakaniza zinthu zikavuta aliyense amaloza mnzake. Muwonjezerenso matailosi angapo pamwamba pa muyeso wa chipinda, katunduyu nthawi zambiri amachokera kunja, mukapereweredwa anayi okha mudikira masabata, ndipo obwera pambuyowo mtundu wake sungafanane ndendende ndi oyamba aja. Pa ndowa ya guluu yang'anani deti, wakhalitsa mu warehouse yotentha musamulandire.

Tsopano pitani pamalopo mukaone pansi ndi maso anu, osadalira zithunzi za pa WhatsApp. Nyumba zambiri zakale kuno pansi pake ndi simenti yosalazidwa ya red oxide imene yakhala ikupakidwa polishi ya Cobra zaka ndi zaka, imawala mpaka kudziona nkhope, koma phula limenelo linalowa mkati mwa simenti ndipo palibe guluu amene angagwire pamenepo. Kukolopa ndi sopo sikuthandiza, thinner ayinso chifukwa amangosungunula phulalo nkulilowetsa mkati kwambiri, njira yake ndi galainda basi mpaka muone simenti yotuwa yeniyeni. Chimodzimodzi penti, mafuta a jenereta, zotsalira za guluu wa kapeti. Kayesedwe kophweka ndi kodontheza madzi pang'ono pansi, akalowa msanga simenti nkuda ndiye kuti patseguka, akangokhala pamwamba timadontho tozungulira ndiye kuti pakadali chinachake chotchinga. Chenjezo limodzi apa, mukapeza timatailosi tating'ono takale tothetheka tomatidwa ndi guluu wakuda wonga phula lamsewu, monga m'maofesi ena omangidwa cha m'ma 1960 ndi 1970, musathamangire kupalapo ndi galainda, zina mwa zimenezo muli asbestos ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Auzeni eni nyumba ayezetse kaye.

Nkhani yaikulu pa zonse ndi chinyezi, apa ndichedwapo pang'ono. Lusaka anakhala pa thanthwe la laimu ndipo m'madera ambiri madzi ali pafupi, anzathu a ku Kanyama safunika kuuzidwa zimene zimachitika mu January ndi February. Simenti imakoka madzi kuchokera m'nthaka, pansi pakakhala poyera chinyezicho chimangouluka osaoneka, koma mukangovindikira ndi labala chilibenso kotulukira, chimaunjikana pansi pa tailosi chitanyamula mchere wa mu simenti, guluu amafewa, m'mphepete mwa matailosi muyamba kudzuka, pakati matuza, chipinda chonse kafungo konyowa. Ndiye funso loyamba kwa kontrakita ndi loti kodi pansi pa silabu munayala pulasitiki ija ya 250 micron? Ngati nyumba ndi yakale ndipo palibe amene akudziwa, werengani ngati mulibe. Funso lachiwiri, silabu kapena screed, simenti yosalazira ija yothira pamwamba pa silabu, inathiridwa liti? Akuuzani kuti masiku 28 akwana bwana mutha kuyamba, koma masiku 28 amenewo ndi a kulimba kwa konkire, kuuma ndi nkhani ina. Screed ya simenti ndi mchenga timawerengera milimita imodzi pa tsiku ngati siyikupitirira mamilimita 50, kutanthauza kuti screed ya 50 ikufuna pafupifupi miyezi iwiri nyengo ili bwino, ndipo silabu yochindikala imatenga miyezi yambiri kuposa apo, makamaka ikathiridwa nthawi yamvula denga lisanafoleredwe.

Kuyeza kwake kulipo kotchipa ndi kwenikweni. Kotchipa ndi kudula pulasitiki yoonekera mkati ya masentimita 45 mbali zonse, kuimata pansi ndi tepi yolimba mbali zonse zinayi mpweya usalowe, nkuisiya maola osachepera 16, ine ndimakonda igone masiku awiri. Mukamatula nkupeza thukuta kunsi kwa pulasitiki kapena simenti yada pamalopo, pansi ndi ponyowa, palibenso zokambirana. Koma ikatuluka youma musasangalale msanga, kayesedwe aka kamangogwira zoipa zoonekeratu. Kwenikweni ndi kwa ASTM F2170, mumaboola timabowo mpaka 40 peresenti ya kuchindikala kwa silabu ngati ikuumira mbali imodzi, kulowetsamo ma probe oyeza chinyezi, kutseka, nkudikira maola 24 musanawerenge, mabowo atatu pa masikweya mita 93 oyamba kenako limodzi pa 93 ena aliwonse. Njira ya ku Britain ndi kabokosi ka hygrometer, koyeza chinyezi cha mumpweya, komatidwa pamwamba pa simenti ndipo malire odziwika ndi oti chisapitirire 75 peresenti, koma mawu omaliza ali pa pepala la guluu amene mwagula, muwerenge malire ake. Chinyezicho muchiyeze mawindo ndi zitseko zitaikidwa kale ndipo ma aircon akuyenda mmene chipinda chizidzakhalira. Ndiye pali msampha wa October, nthaka imakhala yauma gwa, silabu yopanda pulasitiki kunsi imapasa mayeso onse bwinobwino, mumata, mulandira ndalama, kenako February foni iyamba kulira. Chipinda chapansi chimene simukudziwa ngati chili ndi pulasitiki, nambala ya October isakunamizeni.

Muyezenso pH, muyeso wa asidi kapena alkali wa mu simenti, nthawi yomweyo, sizitenga nthawi. Palani pang'ono, thirani madzi a distilled aja a batire, dikirani miniti, ikani kapepala ka pH. Pakati pa 7 ndi 9 guluu wambiri alibe vuto, ikakwera kuposa apo onaninso pepala la guluu lija.

Pansi pakapezeka ponyowa njira ndi ziwiri, kudikira, kapena kupaka epoxy yotchinga chinyezi pa simenti yopalidwa bwino, nthawi zambiri makoti awiri, yachiwiri mopingasa yoyamba kuti pasatsale timabowo. Ndi yodula, ndiye ilembeni mu quotation payokha kuyambira pachiyambi kuti kasitomala asadzati mukumubera. Akakana zonse ziwiri nkumati ingomatani tikufuna kutsegula Lolemba, alembe ndi kusaina kuti munawachenjeza, apo ayi isiyeni ntchitoyo, ilipo ina. Dziwaninso kuti epoxy yotchinga chinyeziyi sidutsa magetsi, ndiye mukapaka, zonse zatsamira pa guluu ndi kopa wapamwamba pake.

Chinyezi chikatheka tengani hamala muziyenda mukugogoda pansi ponse. Pamene pakulira kuti pho pho ngati mulibe kanthu mkati, screed inalekana ndi silabu, zungulizani ndi choko, dulani, gumulani, thiraninso ndi simenti yokonzera youma msanga. Kandaninso ndi msomali, ngati mchenga ukungoyoyoka ndiye kuti anzathu anaumira simenti posakaniza, screed yotero imatha kuzuka pamodzi ndi tailosi ma rack olemera akamakokedwa. Ming'alu ing'onoing'ono yosayenda itsegulenitsegulenu pang'ono ndi galainda, chotsani fumbi, dzazani epoxy. Koma mzere umene omanga anausiya dala kuti nyumba izipuma pakatentha ndi pakazizira musaudzaze ndipo musamatepo tailosi modutsa, imang'ambika kapena kutukumuka pomwepo, pamafunika kachitsulo kake kovindikira ndipo matailosi amalekezera uku ndi uku. Kenako ikani straight edge ya aluminiyamu ya mamita awiri malo osiyanasiyana, mpata wakunsi kwake usapitirire mamilimita atatu.

Kupala ndi galainda ya daimondi yolumikiza ku vacuum, ndipo anyamata avale mamasiki enieni a FFP2 kapena FFP3 osati kansalu kumphuno, fumbi la simenti lili ndi silica amene amakhala m'mapapo moyo wonse. Ngati chipinda choyandikana muli makina akuyenda kale, tsekani zitseko ndi ma vent ndi pulasitiki. Onaninso ndandanda ya ZESCO ya dera limenelo kapena mukhale ndi jenereta pambali, magetsi kuthima muli pakati posakaniza self levelling, simenti yamadzimadzi yosalazira pansi ija, ndi kutaya matumba. Mukatha kupala, vacuum kawiri, tsache limangoulutsa fumbi nkubwereranso pomwepo. Pakani primer, yothandiza kuti zigwirane, yogwirizana ndi self levelling yanu, pa simenti yomwa madzi ndi ina, pa epoxy ndi inanso. Posakaniza, madzi ayambe kulowa mu ndowa kenako ufa, muyeso wa madzi ndi umene walembedwa pa thumba osati wa m'maso, anyamata amakonda kuwonjezera kuti iziyenda mofewa koma ikauma pamwamba pamakhala ufa wosalimba. Thirani mosalekeza kuyambira kukona yakutali, mamilimita atatu kapena kuposa, wina azitsatira ndi rola ya minga kuphulitsa thovu, mawindo atsekedwe kuti mphepo ndi dzuwa zisaumitse mbali imodzi. Ikauma, zimitsani magetsi a m'chipinda, gonekani tochi pansi kuwala kuziyenda chogona, mudzaona kamchenga kalikonse ndi mzere uliwonse uli ndi mthunzi wake. Zimenezo palani ndi mwala kapena sandpaper, chifukwa labala wa mamilimita awiri kapena atatu sabisa kanthu, kamchenga kamodzi kamadzaoneka pamwamba ngati chiphuphu pakatha sabata.

Matailosi ndi guluu zilowe m'chipindamo maola 48 musanayambe, zigone chafulati pa malo osalala, milu yaifupi, osaimika m'mbali mwa khoma chifukwa zimapindika. Kutentha kwa chipinda kukhale kokhazikika cha pakati pa 18 ndi 29 digiri kuyambira nthawi imeneyo mpaka masiku angapo mutamaliza. Labala amene wakhala pa lole ya Canter padzuwa amakhala atafutukuka, mukamata pomwepo aircon nkuyatsidwa amabwerera ndipo mizere imatseguka, wa m'mawa wa July wozizira amachita zosiyana, amadzafutukuka nkukankhana. Onani batch number pa makatoni onse ifanane.

Kujambula mizere ndi monga mwa nthawi zonse. Pezani pakati pa makoma awiri oyang'anizana, menyani chingwe cha choko, mzere wachiwiri udutse mopingasa ndipo mutsimikize kona ndi 3, 4, 5, kapena kuti mamita atatu mbali iyi, anayi mbali iyo, pakati pake pakwane asanu ndendende. Yalani mzere umodzi wa matailosi opanda guluu mpaka kukhoma, ngati kotsala kukhomako ndi kochepera theka la tailosi sunthani mzere wanu ndi theka. Makoma athu ambiri sali sikweya, musayambire kukhoma. Kunsi kwa matailosi ambiri kuli kamuvi, onse aloze mbali imodzi pokhapokha wopanga atanena zina.

Tsopano kopa. Ndi katepi kopyapyala ngati pepala, kena kamabwera ndi zomatira zake kena mumakagoneka mu guluu. Itanani wamagetsi musanamate kalikonse mugwirizane malo otulukira, pafupi ndi earth bar ya chipindacho kapena pa socket, ndipo iye ayeze kaye ngati earth ya nyumbayo ilidi yamoyo, chifukwa si zachilendo kutsegula socket nkupeza waya wa green ndi yellow uja ukungolendewera kapena sunakokedwe nkomwe. Kuchuluka kwa kopa opanga amasiyana, ena amati katepi kamodzi pa masikweya mita 93 aliwonse, ena amafuna pasakhale malo otalikirana ndi kopa kuposa mamita 10, enanso amafuna mizere yopingasana chipinda chonse, tsatirani wa matailosi anu. Ine kachipinda kachepe bwanji ndimatulutsa malo awiri, kuti kwina kukaduka kwina kugwirebe. Mbali ina ya tepi igone pansi molowa mkati mwa chipinda, ina ikwere khoma, musiye mchira wautali wokwanira wamagetsi kugwira ndi kumanga. Pindani pakona mofatsa, kopayu sachedwa kung'ambika. Ngati chipinda chagawidwa ndi mzere wopumira uja, chigawo chilichonse chikhale ndi kopa wakewake. Jambulani zithunzi tepi yoyezera ili pomwepo musanavindikire, ainjiniya adzafunsa. Ndipo mchira uja umateni kukhoma ndi masking tape mulembepo ndi maka kuti OSADULA, chifukwa woika skirting kapena wopenta akauona amayesa ndi zinyalala nkuudula ndi mpeni, ndiye kuti mufike pa kopa wotsalayo mpaka muzule tailosi. Kulumikiza ku earth ndi ntchito ya wamagetsi wa mapepala ake, ifeyo timangomusiyira mchira.

Guluu wa conductive alipo wa ndowa imodzi, wa acrylic, nthawi zambiri wakuda kapena wotuwa chifukwa cha carbon ali mkatimo, ndiye pali wa zitini ziwiri wosakaniza, epoxy kapena polyurethane, amene amafunika pamene padzidutsa zolemera. Wa ndowa imodzi mutakase mpaka pansi chifukwa zimene zimadutsitsa magetsizo zimatha kukhazikika kunsi, ndipo musathiremo madzi olo aoneke wolimba. Wa zitini ziwiri sakanizani zonse pamodzi monga zabwerera, osagawa ndi maso, nkukhuthulira pansi msanga chifukwa akakhala mu chitini amatentha nkuuma, ndipo mu October kunja kukupitirira 30 digiri nthawi yolembedwa pa chitini ija imafupika kwambiri, bola kuyamba m'mamawa. Trowel yopakira guluu ikhale ya mano amene wopanga wanena. Mano aja amadyeka pa simenti, ndiye masana mumapezeka mukupaka guluu wochepa kuposa m'mawa osadziwa, muzisintha, yatsopano ndi yotchipa kuposa kuzula. Pakani malo okhawo amene mutha kuvindikira guluu asanapange khungu, pitirizani pamwamba pa kopa osasiya mpata, ndipo musasiye tizilumba topanda guluu chifukwa tailosi imene ili pamenepo yaduka pa njira ija. Nthawi yodikira musanagoneke tailosi ili pa ndowa, koma chala chanunso chizigwira ntchito, mukakhudza guluu azimatirira kuchala, akauma osasiya kanthu mwachedwa, palani mupakenso.

Tailosi yoyamba ikhale pa mphambano ya mizere ija ndendende chifukwa ena onse atsatira iyo. Igonekeni, osaikhwekhwereza, apo ayi guluu amatulukira mu mzere. Zigundane bwino koma osakankha mwamphamvu, labala amafinyika kenako amabwerera nkudzutsa mzere ngati kaphiri. Sisitani ndi dzanja kuchokera pakati kupita m'mbali mpweya utuluke. Pakapita kanthawi dzutsani tailosi imodzi muone kunsi, kuzikhala guluu pafupifupi ponse, mukaona mizere ya trowel yokha yosaphwanyika ndiye kuti simukugwira bwino. Gwirani ntchito muli pa simenti mukubwerera m'mbuyo, ngati mpaka mukwere pa zomwe mwamata yalani thabwa la plywood mugwadepo, bondo limasiya dzenje mu guluu wofewa. Guluu akagwera pamwamba pukutani pomwepo, wa zitini ziwiri akauma sachokanso. Zodula za kukhoma, ikani tailosi yodulidwayo pamwamba pa yathunthu yomaliza, ina pamwamba pake yogunda khoma, lembani mzere, dulani ndi Stanley ya lumo latsopano, labala amabunthitsa lumo msanga ndiye mugule paketi yonse. Pozungulira mapaipi yambani mwadula katoni ngati chitsanzo.

Rola yake ndi ija yachitsulo ya magawo atatu ya makilo 45, ngati mulibe bwerekani, kupondaponda ndi mapazi si rola. Gudubuzani chigawo chilichonse mukangomaliza kuyala, kupita uku kenako mopingasa, pang'onopang'ono, nkubwerezanso pakapita ola limodzi. M'mphepete mwa khoma ndi pansi pa mafelemu a zitseko gwiritsani karola kam'manja. Kona ikamadzuka ikanipo kathumba ka mchenga igone usiku. Kenako khomani chitseko, kiyi mutenge ndinu. Tsiku limodzi kapena awiri pasapondedwe, ndipo ma rack, ma UPS ndi mabatire ake adikire maola 72, polowetsa ayale plywood. A IT amakhala pakhomo ndi makatoni awo akukupemphani kuti bwana kamodzi kokha, kanani mwaulemu.

Kuyeza komaliza kuchitike guluu atauma ndipo wamagetsi atalumikiza. Multimeter wamba sangathe, ndipo Megger ya wamagetsi nthawi zambiri imayambira pa ma volts 250 kapena 500 pomwe mayeso a ESD amafuna 10 ndi 100, 10 ngati nambala ili pansi pa 1 miliyoni, 100 ngati yapitirira. Chipangizo chake chimabwera ndi zitsulo ziwiri zozungulira zolemera makilo awiri ndi kanthu chilichonse, kunsi kwake kuli labala wodutsa magetsi. Mumayeza kuchokera pa tailosi kupita ku earth, ndiponso tailosi ndi tailosi inzake. Pukutani malowo ndi nsalu youma kaye, yezani malo angapo, pakati, pakhomo, kukona yotalikirana kwambiri ndi kopa, ndipo lembani nambala iliyonse pa pulani ya chipinda pamodzi ndi deti, kutentha ndi chinyezi cha mumpweya tsiku limenelo, chifukwa nambala ya February ndi ya September sizifanana. Malo amodzi akakana pomwe ena onse ali bwino, nthawi zambiri ndi guluu wochepa pansi pa tailosi imeneyo, zulani imodziyo mumatenso. Chipinda chonse chikakana koma tailosi ndi tailosi zikuwerenga bwino, pitani mukaone mchira wa kopa ndi earth musanakhudze china chilichonse. Pepala la manambalali asaine ainjiniya, kope imodzi musunge.

Chatsala ndi kukambirana ndi anthu awiri, amayi kapena abambo okolopa ndi bwana wa chipindacho. Okolopa auzeni pamaso ndi pamaso, mwaulemu, kuti muno polishi ayi, kaya Cobra kaya Sunbeam kaya ya madzi yowalitsa ija, chifukwa phula limavindikira tailosi magetsi osadutsanso, ndipo iwo amapaka ndi mtima wabwino kufuna kuti pawale abwana ayamikire. Madzi asakhudze pansi masiku atatu oyamba kapena kuposa malinga ndi guluu, pambuyo pake tsache lofewa kapena vacuum, mopu yofinyidwa bwino ndi sopo wofatsa amene wopanga walola, osathira ndowa yonse pansi ngati pakhonde. Matani kapepala kuseri kwa chitseko m'Chinyanja ndi m'Chingerezi chifukwa makampani okolopa amasinthasintha anthu. Bwana wa chipinda muwauze za nsapato, munthu atavala ma sneakers a soli yochindikala ya pulasitiki sakulumikizana ndi pansipo olo mutamata bwino chotani, pamafunika nsapato za ESD kapena timalamba tovala kuchidendene tija, kansalu kake kalowe mkati mwa nsapato kakhudze sokosi, ndipo tivalidwe miyendo yonse iwiri. Mipando ya mateyala nayo ikhale ya ESD, ndipo kapeti kapena mat wamba asayalidwe pamwamba. Matailosi otsala asiyeni kwa kasitomala ali m'katoni yake chafulati, batch number ikuoneka, pamodzi ndi zithunzi za pamene padutsa kopa kuti wodzaboola pansi mtsogolo adziwe popewa.